Kodi gulu lathu la Linux muno mu Mzuzu tingalidzutsenso motani?

aMwale (Katoto), Lolemba m'mawa

Moni nonse amene mudakali pa gulu lino. Usiku wathawu ndinabwerera m'mbuyo kuwerenga zimene tinkalemberana, ndipo ndapeza kuti uthenga womaliza ndi wa zaka zitatu zapitazo. Linali funso la mnyamata wina amene laputopu yake inkakana kugwira Wi-Fi ataikamo Ubuntu, umodzi mwa mitundu ya Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Palibe amene anamuyankha, ndipo ine amene ndinali mlembi wa gululi ndili pakati pa amene anakhala chete. Zandiwawa kwambiri, chifukwa ndife tomwe tinkauza anthu kuti ubwino wa mapulogalamu a open source, aja amene aliyense amaloledwa kuwagwiritsa ntchito, kuwasintha ndi kuwagawa, ndi wakuti ukavutika pamakhala anzako okugwira dzanja.

Chimene chandidzutsa ndi ichi. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inathetsa chithandizo chake cha nthawi zonse cha Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 pamodzi ndi purosesa yatsopanoko, zimene makompyuta ambiri ogwiritsidwa kale ntchito amene timagula kuno alibe. Loweruka ndinakhala pa benchi ya mnzanga wokonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika waukulu, ndipo pansi pa tebulo lake ndinawerenga malaputopu asanu ndi awiri atasanjikizana, ina itamangidwa ndi mphira kuti chivundikiro chisagwe, onse eni ake atauzidwa kuti anatha ntchito. Tinayatsa imodzi ndi flashi imene ndimayenda nayo ya Linux Mint, mtundu wina wa Linux, ndipo inadzuka bwinobwino, kiyibodi, mawu ndi intaneti zonse zikugwira. Ndiye ndikufunsa ngati tilipobe okwanira kuti tiyambirenso, komanso ndikufuna timve kaye chimene chinatipha poyamba tisanapangane za tsiku lokumana.

Mayi Nambewe (Chibavi), Lolemba masana

Zikomo aMwale poyambitsa nkhaniyi. Ine sindine katswiri, ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza mapepala, koma popeza mwafunsa chimene chinapha gulu, ndilankhula mosabisa monga munthu amene anathandizidwa kenako n'kusiyidwa panjira.

Mu 2019 anyamata awiri a gulu lino anabwera kushopu kwanga n'kundiikira Ubuntu pa kompyuta imene ndimadyerapo. Ndivomereze kuti vuto lalikulu limene linkandisowetsa tulo linatheratu. Makasitomala amabwera ndi maflashi odzaza ndi mavairasi, aja amene amabisa mafayilo onse n'kusiya tizithunzi tonamizira, ndipo kale mwezi sunkatha ndisanaitane munthu wodzapukuta kompyuta. Chiikireni Ubuntu zimenezo sindinazionenso. Koma panabuka zina ziwiri. Makalata ofunsira ntchito amene anthu analemba pa Word ankati ndikawatsegula pa LibreOffice, pulogalamu yolembera imene inalowa m'malo mwa Word, mizere inkasuntha, tsamba limodzi n'kusanduka awiri, ndipo mayi wina anandikalipira pamaso pa anthu kuti ndamuonongera CV. Chachiwiri, makina anga ankasindikiza bwino koma mbali ya sikana inakaniratu. Inali nyengo imene sukulu zoyandikana nane zimabweretsa mayeso a kumapeto kwa teremu. Ndinaimba manambala atatu amene anandisiyira. Ina inali yozima, wina anati anamaliza maphunziro ali ku Blantyre, wachitatu analonjeza kubwera mawa lake ndipo sindinamuonenso. Ndinataya masiku awiri a ntchito, kenako ndinalipira munthu kuti andibwezere Windows.

Sindikusunga chakukhosi, anali ana abwino ndipo sanandilipiritse ngakhale tambala. Koma ngati mukudzutsa gulu kuti muziika mapulogalamu pa makina a anthu tsiku limodzi n'kujambulitsa zithunzi, ndiye bola lingogona. Walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndi mafunso amene amabwera pakatha sabata ziwiri.

aBanda (Lilongwe), Lolemba madzulo

Mayi Nambewe, pepani kwambiri. Nkhani yanuyi sindinaimvepo, ndipo kusaimva kwangako ndi umboni wa mmene tinkayendetsera zinthu. Ine ndi mmodzi mwa amene anayambitsa gululi, ndipo mbali yaikulu ya kufa kwake ndiyenera kuisenza ndine.

Achinyamata mwina sakudziwa kumene tinachokera. Ine ndinayamba Linux ndi ma CD amene kampani ya Canonical, imene imapanga Ubuntu, inkatumiza ulere pa positi kwa aliyense wopempha, ndondomeko imene inatha mu 2011. Ubuntu inatuluka koyamba mu Okutobala 2004, woiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi mawu omwe aja amene ife timati umunthu. Chifukwa cha dzinalo sizinkavuta kufotokozera munthu wa kuno cholinga chake. Tinkakumana m'kalasi yobwereka ku Luwinga, ndipo chilichonse chinali m'manja mwanga: mndandanda wa mamembala unali mu laputopu yanga, mawu achinsinsi a tsamba lathu la Facebook ndinkawadziwa ndekha, pulojekita inkagona kunyumba kwanga, ndipo amene ankatibwereka kalasi ankadziwana ndi ine basi. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha COVID-19 tinasiya kukumana, ndipo matenda asanathe ntchito inandisamutsira kuno. Sindinasiyire munthu kalikonse, chifukwa mumtima ndinkati ndibwerera.

Zonsezo ndidakali nazo. Pulojekita ili kwa mlamu wanga ku Chiputula ndipo ikugwira ntchito. Ndikupempha kuti musankhe anthu atatu, osati mmodzi, oti ndiwapatse mawu achinsinsi ndi mndandanda uja sabata ino.

aPhiri (Luwinga), Lachiwiri m'mawa

Ndathokoza aBanda chifukwa cha kudzichepetsa kwawo. Maganizo anga ndi akuti tinagwa chifukwa tinalibe maziko. Gulu lopanda malamulo olembedwa, lopanda komiti yosankhidwa ndiponso lopanda akaunti ku banki limatha tsiku limene munthu mmodzi wasamuka, monga taonera. Ndikupempha kuti tiyambe ndi kulemba malamulo, tilembetse gulu ku boma, kenako tilembe makalata opempha thandizo kwa mabungwe ndi makampani.

Tisadzinamize kuti kudzipereka kulibe mtengo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chiyambire pamenepo kabaza, minibasi ndi flashi zonse zinakwera. Fayilo yoikira Ubuntu 24.04 ndi pafupifupi 6 GB, ndipo mwana wa sukulu sangaitsitse ndi bandulo ya m'thumba mwake. Wochokera ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay ayenera kubwezeredwa thiransipoti. Popanda ndalama tidzangotopetsa anthu awiri kapena atatu omwewo, ndipo pakutha pa chaka tidzakhala tikulembanso uthenga ngati wa aMwale.

aGondwe (Ekwendeni), Lachiwiri masana

Achimwene aPhiri, zimene mwanena za kukwera kwa zinthu ndi zoona, ndipo ine ndi mmodzi mwa amene amakwera minibasi kuti afike m'tauni. Komabe pa nkhani yoyamba ndi kupempha ndalama ndikusiyana nanu, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndinaona ndi maso anga pa gulu lomwe lino.

Mukumbukira chaka chija bungwe lina linatilipirira holo, chakudya chamasana ndi ndalama ya thiransipoti. Holo inadzaza mpaka ena anaima kukhomo, ndipo tinasangalala kuti gulu lakula. Ine ndinali pa tebulo lolembetsa mayina, ndipo ndinaona anthu akufika chakumapeto, kusaina pepala, kulandira envulopu n'kutuluka osakhudza n'komwe kompyuta. Mwezi wotsatira tinaitana msonkhano wopanda envulopu ndipo tinabwera anthu anayi. Choipa kwambiri n'chakuti ngakhale ena amene kale ankabwera mwa kufuna kwawo anayamba kufunsa ngati kuli kenakake asananyamuke. Alawansi inasintha chifukwa chimene anthu ankabwerera, ndipo sitinathe kuchibwezeretsa.

Ndikuuzeni chimene ndikuchisowa ine monga mphunzitsi wa sekondale yoyendera. Tili ndi makompyuta akale amene tinapatsidwa, ndipo oposa theka ali pakona atafunditsidwa nsalu. Intaneti tilibe. Ndinamva za Kiwix, pulogalamu imene imalola munthu kuwerenga Wikipedia popanda intaneti, ndipo ndikudziwa kuti ikanasintha kaphunziridwe ka ana anga, makamaka a Fomu 3 ndi 4 amene amalimbirana buku limodzi anthu khumi. Sindikusowa holo kapena chikwangwani. Ndikusowa munthu mmodzi woti akhale nane Loweruka limodzi, andionetse pa makina awiri, otsalawo ndipitirize ndekha ndi ana a kalabu ya kompyuta. Thiransipoti ya munthu ameneyo ndilipira ndine, ndipo nsima akadya kwathu.

Tadala (Luwinga), Lachiwiri madzulo

Moni makolo ndi achimwene nonse. Ine ndine wophunzira wa chaka chachiwiri pa Mzuzu University, ndipo ndinalowa pa gulu lino chaka chatha mnzanga atandipatsa linki, koma ndinapeza muli zii moti ndinkaganiza kuti ndalakwitsa malo. Ndikupempha kuti mundilole ndinene zinthu zimene mwina akuluakulu simuziona.

Ife ophunzira tili ndi nthawi ndi chidwi, koma ndife alendo mu mzinda uno. Pakatha zaka zinayi timanyamuka, ndipo pa holide iliyonse timabalalika. Zimene zinawachitikira Mayi Nambewe zidzachitikanso ngati nambala imene munthu wasiyiridwa ndi ya wophunzira yekha. Ndikuganiza kuti aliyense wa ife azigwira ntchito pamodzi ndi munthu wokhazikika mu Mzuzu, kuti wina akachoka wina atsale akudziwa makinawo.

China ndi kayankhulidwe. Ndinafunsapo funso pa gulu lina la akatswiri a makompyuta, ndipo yankho loyamba linali lakuti ndikawerenge kaye ndisanatayitse anthu nthawi. Sindinafunsenso. Atsikana anzanga ambiri ali ndi nkhani yofanana ndi imeneyi, ndipo n'chifukwa chake pa misonkhano yotere mumapezeka abambo okhaokha. Ngati tikufuna amayi a mashopu, aphunzitsi ndi alembi a mipingo, tigwirizane kuti funso lililonse liziyankhidwa mwaulemu, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka ngati wofunsayo wayamba choncho, ndipo tisamathamangire kuuza munthu watsopano kuti atsegule terminal, kawindo kolembamo malamulo olamulira kompyuta, pamene chinthucho chingatheke ndi mbewa ya kompyuta. Anthu ambiri sadziwa kuti foni ya Android imene ili m'manja mwawo imayendera pa Linux, kapena kuti VLC imene amaonera mafilimu ndi ya open source. Tikayambira pa zimene akuzidziwa kale mantha amachepa.

aNyirenda (Mchengautuba), Lachitatu m'mawa

Ndikugwirizana ndi mwana wathu Tadala, ndipo ndiwonjezere mfundo imodzi yoti tiziuza achinyamata, chifukwa ena amaona ngati Linux ndi choseweretsa cha anthu okonda makompyuta. Ine ndimagwira ntchito ya ziwerengero za umoyo. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala, ndi pulogalamu ya open source yochokera ku University of Oslo. Makompyuta ogwiritsa ntchito chala pa sikirini amene Baobab Health inayambitsa ku Kamuzu Central Hospital anamangidwa pa mapulogalamu a mtundu womwewu, ndipo ku Neno akhala akugwiritsa ntchito OpenMRS, pulogalamu ya open source yosungira mbiri ya odwala, kwa zaka zambiri. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa kusamala seva ya Linux, kompyuta imene imatumikira makompyuta ena, ali ndi luso limene dziko lino likulifuna kale. Ndikhoza kudzaphunzitsa zimenezi kamodzi pa miyezi itatu, koma ndisaikidwe mu komiti, chifukwa ntchito imandiyendetsa m'maboma ndipo sindifuna kulonjeza zimene sindingakwanitse.

aPhiri (Luwinga), Lachitatu masana

Aphunzitsi aGondwe, tsiku la maenvulopu lija ndikulikumbukira, ndipo sindikutsutsa kuti linatipweteka. Komabe sindinasinthe maganizo pa nkhani ya malamulo olembedwa. Ngakhale tsamba limodzi lokha lonena kuti katundu wa gulu amasunga ndani, ndipo munthu akamachoka amasiya bwanji udindo, likanatipulumutsa pamene aBanda ankasamuka. Za kulembetsa ku boma ndi kupempha thandizo ndavomera kuti zidikire, koma ndikupempha kuti tidzazikambenso tikakumana miyezi isanu ndi umodzi motsatizana, chifukwa tsiku lina sukulu kapena ofesi idzafuna kalata yokhala ndi chidindo isanatilole kukhudza makompyuta ake.

Pa vuto la Mayi Nambewe la mizere yosuntha, gwero lake nthawi zambiri ndi zilembo. Makalata ambiri a Word amalembedwa ndi Calibri kapena Cambria, ndipo kompyuta ya Linux ikapanda kuzipeza imaika zina za msinkhu wosiyana, n'chifukwa chake tsamba limatalika. Pali zilembo zaulere zotchedwa Carlito ndi Caladea zimene zinapangidwa kuti zikhale ndi miyeso yofanana ndi ziwirizo, monganso Liberation imalowa m'malo mwa Arial ndi Times New Roman. Anyamata aja akanaziika tsiku lomwelo, madandaulo ambiri sakanabuka. Sindikunena kuti fayilo iliyonse idzaoneka ndendende, makamaka yokhala ndi matebulo ovuta, ndipo tiyenera kumauza anthu zoona zimenezi tisanakhudze makina awo. Kasitomala amene akungofuna kusindikiza ndi bwino kumulimbikitsa kubweretsa PDF.

aMwale (Katoto), Lachitatu usiku

Ndawerenga zonse kawiri. Chimene ndikumva kwa nonse, ngakhale mukusiyana pa za ndalama, ndi chakuti tisayambe ndi chikondwerero. Tiyambe ndi ntchito yaing'ono imene tingathe kuibwereza mwezi ndi mwezi ngakhale titabwera anthu atatu. Ndiye ndikuika maganizo awa kuti muwakonze.

Tizikumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, malo amodzi osasinthasintha, kuti munthu wovutika azidziwa kotipeza popanda kufunsa. Tisankhe mtundu umodzi wa Linux woika pa makina a anthu atsopano, chifukwa kale aliyense ankaika umene amaukonda ndipo wothandiza wotsatira ankapeza zachilendo. Ine ndikuti Linux Mint, popeza maonekedwe ake savuta kwa munthu wozolowera Windows, imamangidwa pa Ubuntu ya LTS imene imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse n'kulandira zokonza kwa zaka zisanu, ndipo mtundu wake wa Xfce umayenda bwino pa makina ofooka. Makompyuta a aGondwe tikawaone kaye, chifukwa ngati ena ndi a 32-bit, aja akale kwambiri, adzafuna njira ina.

Tisafufute kalikonse pa kompyuta ya munthu tisanakopere mafayilo ake pena, iye mwini akuona. Ayambe wayesa Linux kuchokera pa flashi, ndipo purinta, sikana, Wi-Fi ndi mawu ziyesedwe tisanaike. Pakhale kope lachikuto cholimba lolembamo dzina la makina, zimene taikamo ndi anthu awiri oyang'anira, ndipo mmodzi wa awiriwo aziimba foni pakatha sabata ziwiri osadikira kuti mwini wake adandaule. Pa gulu pano, mwezi uliwonse pakhale anthu awiri a ntchito yoonetsetsa kuti funso lisagone masiku awiri lisanayankhidwe, ngakhale yankho litakhala lakuti sitikudziwa koma tikufufuza. Za bandulo, mafayilo akuluakulu atsitse munthu mmodzi amene ali ndi intaneti yabwino, enafe tizikoperana pa maflashi. Software Freedom Day, tsiku lokondwerera mapulogalamu a open source, imachitika Loweruka lachitatu la Seputembala chaka chilichonse, ndipo ngati tidzakhale tikukumanabe pofika nthawi imeneyo tidzaganize zochita chinthu chokulirapo.

Tsamba limodzi la malamulo limene aPhiri anena ndikulivomereza, ndipo ndikupempha kuti alilembe iwo omwe. Mawu achinsinsi aBanda apereke kwa aPhiri, Tadala ndi ine, pokhapokha wina akane.

aGondwe (Ekwendeni), Lachinayi m'mawa

Ndavomera zonse kupatula nthawi. Loweruka abale athu a Seventh Day amakhala ku tchalitchi tsiku lonse, ndipo ndikudziwa awiri mwa akatswiri athu akale amene anasiya kubwera pa chifukwa chimenechi osanena. Bwanji tizisinthana, mwezi wina Loweruka, mwezi wina Lamulungu masana? Ndikudziwa kuti zikusemphana ndi mfundo ya aMwale ya tsiku losasintha, koma kutaya anthu odziwa ntchito n'kokulirapo.

Tadala (Luwinga), Lachinayi m'mawa

Ine ndikuopa kuti kusinthana kudzasokoneza anthu amene sali pa gulu lino, amene angomva kwa mnzawo kuti kumakhala othandiza Loweruka loyamba. Mwina tisunge Loweruka kwa miyezi itatu yoyamba, ndipo abale a Seventh Day tiwapemphe kuti akhale oimba mafoni ndi oyendera anthu m'kati mwa sabata, ntchito imene Mayi Nambewe atisonyeza kuti ndiyo inasoweka. Ndifunsa awiri amene aphunzitsi akuwanenawo ngati angandipatse manambala awo kumbali. Udindo wa mawu achinsinsi ndaulandira, koma ndidzausiya kwa wophunzira wa chaka chotsika ndisanayambe chaka changa chomaliza, ndipo zimenezi zilembedwe pa tsamba la aPhiri lija.

aBanda (Lilongwe), Lachinayi masana

Ndatumiza mndandanda ndi mawu achinsinsi kwa atatu aja. Pa mndandandawo pali mayina ambiri, koma musawaitane onse ndi uthenga umodzi. Muwaimbire mmodzimmodzi amene munkawadziwa, chifukwa munthu amene anachoka mwakachetechete amabwerera akamva mawu a mnzake. Mlamu wanga ndamuuza kale za pulojekita, aMwale mukhoza kukaitenga madzulo alionse.

Mayi Nambewe (Chibavi), Lachinayi madzulo

Popeza nkhani ya malo palibe amene waitchula, ndikupereka chipinda cha kuseri kwa shopu yanga. Si chachikulu, mungakwane anthu khumi mutapanikizana, koma chili ndi denga labwino losadontha, zimene ndi zofunika ndi mvula ya kuno, komanso masoketi atatu. Magetsi akazima ndili ndi batire ndi invata zimene zimanyamula malaputopu awiri kapena atatu, osati purinta. Sindilipiritsa, koma ndikupempha kuti muzisiya mwasesa, ndiponso kuti mtsikana amene amandithandiza pa kauntala aziphunzira nanu, chifukwa ndi iyeyo amene adzakhale pa makinawo tsiku ndi tsiku.

Mipando ndili nayo inayi yokha, ndiye okhala pafupi abwere ndi yawo. Ndimatsegula 8 koloko, koma inu mufike cha m'ma 1 koloko masana pamene makasitomala achepa. Sikana ija idakalipo, ndi yomweyo ya 2019, ndipo ndikufuna muyambire pa imeneyo musanakhudze kompyuta ya munthu wina aliyense. Achimwene aPhiri, mubwere ndi zilembo mwanenazo pa flashi, ine ndisunga makalata atatu a makasitomala amene avomereza kuti tiyesere.